Kanyenyezi ka papepala la magazi a amalume

Amene anayamba kuona kuti maso a amalume asanduka achikasu ndi azakhali, m'mawa wina chakumapeto kwa nyengo yozizira, amalume atakhala pakhonde kwawo ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, akuwothera dzuwa. Pasanathe milungu iwiri mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chinatuwa, ndipo thupi linkayabwa usiku wonse moti ankadzikanda ndi chisa. Lamba wa thalauzi anamuboola ndi msomali kawiri konse. Koma kupweteka kunalibe, ndipo iwo, munthu wa zaka 67 amene moyo wake wonse sanagonepo m'chipatala, ankangoti, "Chosapweteka si matenda, mphwanga."

Sikani inaonetsa chotupa kumutu kwa kapamba. Ndikati kapamba ndikunena kachiwalo kaja kamene kali kuseri kwa chifu, kamene kamapanga insulin ndi madzi ogaya chakudya, kamene madokotala amati pancreas, osati uja amatupa mwana akadwaladwala malungo. Mutu wake unakumbatira njira imene ndulu imatsikira m'matumbo, nchifukwa chake ukatupa ndulu imabwerera m'magazi munthu n'kuchita chikasu. Dokotala sanabise. Anati n'kutheka kuti ndi khansa, ndipo pafunika kutenga kanyama pachotupapo kuti akakaunike.

Usiku womwewo msuweni wathu wa ku Johannesburg anatumiza uthenga pagulu lathu la WhatsApp. Anati wawerenga kuti pali nthenda ina imene imafanana ndi khansa ya kapamba ngati mapasa, koma imachira ndi mapiritsi otchipa, ndipo kuti udziwe umangoyezetsa magazi, dzina la choyezacho IgG4. Tinasonkherana madola. Magazi anatengedwa pa labotale ina ku Avenues, ndipo titadikira masiku angapo pepala linabwera. Panali nambala 1.7, ndi kanyenyezi pambali pake kosonyeza kuti yadutsa mlingo. Gulu lonse linaphulika. Wina anatumiza nthungululu, wina vesi, ndipo dzuwa lisanalowe mdzukulu wina anali atafika kale ndi paketi ya mapiritsi otchipa aja, a prednisolone, m'thumba.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa ndine amene ndinakana kuti amalume amwe mapiritsiwo, ndipo kwa milungu ingapo ndinkaoneka ngati mfiti pabanja. Maganizo anga sanasinthe. Kanyenyezi ka pa IgG4 sikokwanira kugamula kuti munthu alibe khansa, ndipo kwa ife amene tinakulira kuno, tikusamba m'madamu ndi m'mitsinje, mphamvu yake ndi yochepa kuposa mmene mabuku a kunja amanenera.

Msuweniyo sananame ayi. Nthendayo ilipodi, dzina lake autoimmune pancreatitis, kutanthauza kutupa kwa kapamba kobwera chifukwa choti chitetezo cha m'thupi chatembenukira mwini wake. Dokotala wa ku Marseille, Henri Sarles, anafotokoza odwala oterewa mu 1961, ndipo dzinali linaperekedwa ndi madokotala a ku Tokyo mu 1995. Imakonda abambo opitirira zaka 60, ndipo nthawi zambiri imabwera ndi chikasu chosapweteka, monga momwe khansa imabwerera. Munthu akamwa prednisolone, chotupa chimafwa pamilungu yochepa chabe. Amene waona zimenezi ndi maso amakhulupirira zozizwitsa. Kumene amasunga bwino mabuku a zipatala, zimapezeka kuti mwa anthu 100 ochitidwa opaleshoni yaikulu ya Whipple powaganizira khansa, awiri kapena atatu amakhala kuti inali nthenda imeneyi, kutanthauza kuti anawadula mutu wa kapamba, thumba la ndulu ndi mbali ya matumbo pomwe mapiritsi akanatha ntchito. Ndiye dokotala woganizira nthendayi akuchita bwino, ndipo m'bale woikumbutsa dokotala sanalakwe.

Vuto limayambira pa kuyeza. M'magazi mwathu muli asilikali a chitetezo otchedwa IgG, a mitundu inayi, ndipo wachinayiyu ndiye wochepetsetsa, nthawi zambiri safika ngakhale magawo asanu pa 100 alionse. Mu 2001, Hideaki Hamano ndi anzake a ku yunivesite ya Shinshu ku Japan analengeza kuti mwa odwala 20 amene anawayeza, IgG4 anali wokwera modabwitsa. Wodwala wapakatikati anali ndi 663 pamene munthu wabwinobwino anali ndi 51, ndipo iwo anaika malire pa 135. Manambalawa ndi a mamiligalamu pa desilita. Malabotale ambiri kuno amalemba magalamu pa lita, ndiye 135 uja amaoneka ngati 1.35, ndipo 663 amakhala 6.63. Taonani tsono pamene panali amalume. 1.7 wawo anangosuzumira pamwamba pa mpanda, pomwe odwala a Hamano anali padenga.

Madokotala ena atayesa njira yomweyi pa anthu ambiri, kuwala kwake kunayamba kuzilala. A ku Mayo Clinic ku America anapeza mu 2007 kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi amene alidi ndi nthendayi amakhala ndi IgG4 wabwinobwino. Anapezanso china choopsa kuposa pamenepa, chakuti pafupifupi mmodzi mwa odwala khansa ya kapamba khumi alionse amakhala ndi IgG4 wokwera. Nambala ikapitirira malire kuwirikiza kawiri, cha m'ma 2.8, ndi pamene a khansa amatsala ochepa kwambiri, pafupifupi mmodzi pa 100.

Wina anganene kuti mmodzi pa khumi ndi wochepa. Koma tiyeni tiwerenge ngati momwe amayi amawerengera matimati pa Mbare Musika. Tiyerekeze kuti pabwera anthu 100 a chikasu ndi chotupa kumutu kwa kapamba, ndipo 90 mwa iwo ndi a khansa, atatu okha ndi a nthenda yathuyi. Mwa 90 aja, asanu ndi anayi atuluka ndi kanyenyezi. Mwa atatu aja, awiri atuluka nako. Ndiye mukatola mapepala onse a nyenyezi n'kuwayala pamphasa, a khansa achuluka kuposa a nthenda yochira ndi mapiritsi. Palibe labotale imene yalakwitsa pamenepa. Kungoti khansa ndi yofala, pamene inayi ndi yosowa. Ngakhale ku Japan, kumene amaifunafuna ndi nyali, kalembera wa mu 2016 anapeza anthu pafupifupi 10 okha mwa 100,000 alionse.

Pali mbali ina imene imatikhudza ifeyo mwapadera, ndipo ndi imene inandipangitsa kuumirira. IgG4 si msilikali wa kapamba yekha. Thupi limamupanga wambiri likamalimbana kwa nthawi yaitali ndi chinthu chimene chakana kuchoka. Amakwera mwa anthu ena a mphumu ndi a zikanga, amakwera mwa alimi a njuchi amene alumidwa kambirimbiri, ndipo amakwera kwambiri mwa anthu amene ali ndi nyongolotsi m'thupi, makamaka za likodzo. Zimenezi si zatsopano. Mu 1991 Paul Hagan ndi anzake anaonetsa ku Gambia mmene IgG4 amakhalira wambiri mwa ana amene likodzo limawagwira mobwerezabwereza, ndipo mwana wa dziko lino, Francisca Mutapi wa ku yunivesite ya Edinburgh, watha zaka zambiri akufufuza za chitetezo cha m'thupi ndi likodzo m'midzi ya ku Zimbabwe konkuno. Amalume anabadwira papulazi ya fodya ku Mashonaland, kumene bambo awo anafikira atachoka ku Dedza. Ankasamba m'damu la papulazipo tsiku ndi tsiku, ndipo ankatiuza akuseka kuti mnyamata wosakodza magazi ankamuona ngati sanakule. Atapuma pantchito ankapitabe kukawedza. Kodi malire amene anayezedwa pa anthu a ku Matsumoto ku Japan ndi ku Minnesota ku America, kumene likodzo kulibe, angangokhala pa munthu woteroyo ngati chipewa chosokedwa pamutu pake? Sindikunena kuti 1.7 wa amalume anabwera ndi nkhono za m'damu. Ndikunena kuti kanyenyeziko kanali ndi makolo angapo otheka, ndipo ife tinasankha kholo limene tinkalifuna.

Choyezera chinzake, chimene amati CA 19-9, nachonso chili ndi zake. Chimenechi anthu amachitcha choyezera khansa, ndipo malire ake amakhala pa 37. Koma njira ya ndulu ikangotsekeka, kaya ndi mwala, kaya ndi kutupa wamba, nambalayo imakwera. Komanso pali anthu, asanu mpaka khumi mwa 100 alionse, amene matupi awo sapanga n'komwe chinthu chimenechi chifukwa cha mtundu wa magazi umene anabadwa nawo, ndipo oterewa ndi ochulukirapo pakati pa anthu akuda kusiyana ndi azungu. Munthu wotere angathe kukhala ndi khansa yaikulu ngati chibakera, pepala n'kumati zonse zili bwino. Ofufuza ayesanso zizindikiro zina za autoimmune pancreatitis m'magazi. Mu 2009 a ku Verona ku Italy anatchula china chimene chinapatsa anthu chiyembekezo, koma ena atachiyesa sichinatuluke chimodzimodzi, ndipo zina zimene zatchulidwa pambuyo pake zidakali m'manja mwa ofufuza. Ndiponso nthendayi ili ndi mtundu wachiwiri, wogwira anthu ocheperako zaka, amuna ndi akazi omwe, nthawi zina limodzi ndi zilonda za m'matumbo aakulu, umene nthawi zambiri IgG4 sakwera n'komwe.

Nchifukwa chake akatswiri a kapamba a m'maiko osiyanasiyana atagwirizana mu 2011 za mmene nthendayi izidziwikira, magazi anawaika ngati chala chimodzi mwa zisanu, ndipo tonse tikudziwa kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Amayang'ana maonekedwe a kapamba pasikani, chifukwa kawirikawiri nthendayi imamutupitsa yense n'kukhala ngati soseji yokhala ndi kamkombero, pamene khansa imakhala chibuluma pamalo amodzi, njira ya kumbuyo kwake itafufuma. Amayang'ana ngati ziwalo zina zagwidwa, monga timatumba ta malovu pansi pa chibwano, ta misozi, impso ndi njira za ndulu. Amaunika kanyama. Ndipo pomalizira penipeni, khansa itafufuzidwa n'kusowa, ndi pamene amayesa prednisolone, n'kubwereza sikani pakatha milungu iwiri kuti aone ngati chotupa chafwadi. Pa magaziwo anasiyanitsa umboni wamphamvu, nambala ikapitirira malire kuwirikiza kawiri, ndi umboni wofooka, ikangodutsa pang'ono. Wa amalume unali wofookawo, ndipo sikani yawo inkaonetsa chibuluma, osati soseji.

Mawu amene anandivuta kuyankha anachokera kwa azakhali. Anandiitanira kukhitchini, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwananga, mapiritsiwa ndi a madola angati? Nanga tikayesa n'kukanika, taluza chiyani?" Funso limeneli si lopusa. Ndi funso la munthu amene wauzidwa mtengo wa kutenga kanyama, n'kuwerenga penshoni ya mwamuna wake, n'kuona kuti sizikukumana. Njira yabwino yotengera kanyama pa kapamba ndi ya paipi yolowera kukamwa, yokhala ndi kasikani ndi singano kunsonga, ndipo chida chotere sichipezeka pachipatala chilichonse. Kuyeza magazi ndi kumene munthu wamba angakufikire. Kumuuza kuti pepala limene wagula ndi ndalama zosonkha silinena zambiri kuli ngati kumulanda ndodo wakhungu.

Komabe zoluza zilipo, ndipo n'zambiri. Prednisolone ndi mankhwala onyenga. Pafupifupi aliyense wodwala akamwa, masiku oyamba amamva bwino, chilakolako cha nsima chimabwerera, nkhope imadzaza. Wa khansa nayenso amamva chimodzimodzi. IgG4 amatha kutsika mwa aliyense womwa mankhwalawa, kaya vuto lake linali chiyani, ndiye mukabwereza kuyeza pepala lachiwiri lidzakutsimikizirani bodza lomwe lija. Banja limasangalala mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo khansa ya kapamba siidikira munthu. Mpata wochita opaleshoni ndi waufupi kale, chifukwa odwala ambiri amafika itafalikira. Mtundu wina wa khansa, wa lymphoma, umachita kufwa kwenikweni ndi mankhwalawa kwa kanthawi, ndipo kanyama kotengedwa pambuyo pake kamavuta kuwerenga. Tisaiwalenso kumene tikukhala. Kuno chifuwa chachikulu cha TB chimatha kumanga chisa pa kapamba kapena m'mbali mwake n'kumaoneka ngati chotupa, makamaka mwa anthu amene ali ndi HIV, ndipo kupatsa munthu wotere mankhwala ofooketsa chitetezo popanda mankhwala a TB ndi kuthira palafini pamoto. Pamwamba pa zonsezi, mankhwalawa amakweza shuga, pomwe kapamba wodwala akulephera kale kupanga insulin yokwanira.

Ndiye ngati ndalama zili zochepa, ine ndingakonde zipite koyamba ku sikani yabwino yowerengedwa ndi munthu wodziwa kapamba, kenako ku kanyama, ndipo IgG4 abwere ngati dokotala waona chimene chikumupangitsa kumufuna. Ife tinatembenuza ndondomekoyi, tinayambira kumchira, chifukwa kumchirako ndi kumene kunali nkhani yokoma. Zina sizifuna ngakhale senti. Kugwira pansi pa chibwano kuona ngati patupa, kufunsa wodwala ngati anakodzapo magazi ali mwana, ngati ali ndi mphumu, ngati akutsokomola kapena kutuluka thukuta usiku, zonsezi zimathandiza kuwerenga nambala ija molondola.

Ndili ndi dandaulo kwa a malabotale. Pepala limene tinalandira linali ndi nambala, malire ndi kanyenyezi, basi. Masiku ano pepala lotere silipita kwa dokotala yekha. Limajambulidwa pafoni, n'kufika ku Johannesburg, ku Leeds ndi ku Lilongwe dokotala asanalione, ndipo aliyense amaliwerenga ndi Google. Kodi kuwonjezera mzere umodzi pansi pake, wonena kuti kukwera pang'ono kumapezekanso mwa anthu a khansa, a likodzo ndi a mphumu, kungadye inki yochuluka bwanji? Ndipo kwa aphunzitsi a udokotala, a ku University of Zimbabwe kuno ndi a ku Kamuzu University of Health Sciences kumudzi, pempho langa ndi lakuti atiyezere malire athuathu. Atenge magazi a anthu athanzi a ku Mabvuku, a ku Shamva, a ku Mangochi ndi a ku Nkhotakota, aone pamene IgG4 wa munthu wokulira pafupi ndi madzi amakhala. Ntchito imeneyi siifuna nyumba yatsopano.

Za ogulitsa mankhwala sindinena zambiri. Mdzukulu uja sanavutike kupeza paketi ija, ndipo palibe anamufunsa kuti wodwala ndani.

Dokotala wa amalume, mayi wodekha amene sankakweza mawu, analiyang'ana pepala lija kwa kanthawi, n'kufunsa amalume ngati anakulira pafupi ndi damu. Kenako anati, "Bambo, nambala iyi ikanakhala 6 kapena 7 ndikanakhala tsonga. Pamene ilipa, sindingakupatseni mapiritsi ndisanaone kanyama." Amalume anatembenukira kwa ine, poti ndine ndinkamasulira pamene Chishona ndi Chingerezi zawathawa chifukwa cha mantha, n'kufunsa m'Chichewa kuti, "Akuti chiyani, mphwanga, akuti nyenyezi ija ndi yabodza?" Ndinawayankha kuti si yabodza, koma siikunena zimene tinkaganiza. Anangogwedeza mutu n'kuyamba kupinda chipewa chawo m'manja.

Kanyama kanatengedwa patapita milungu itatu, abale a kunja atatumiza ndalama ndipo a bungwe la maliro la kutchalitchi atatibwereka zotsalazo. Inali khansa, ndipo inali itakuta kale mitsempha ikuluikulu moti opaleshoni sikanatheka. Pagulu la WhatsApp wina analemba kuti mwina tikanayesa mapiritsi aja. Sindinayankhe. Anawaika kapaipi kakang'ono m'njira ya ndulu, chikasu chinatha, kuyabwa kunaleka, ndipo anagona tulo koyamba patatha miyezi iwiri. Popeza ankadziwa chimene chinali patsogolo pawo, anaitana ana onse, anagawa zida zawo za ukalipentala, ndipo anauza adzukulu, amene amawatcha sekuru ndipo Chichewa amangochimva osachilankhula, dzina la mudzi wa bambo awo ku Dedza ndi la mfumu yake, n'kuwauza kuti alembe.

Tinawaika ku manda a Granville mvula yoyamba itagwa. Pokonza m'chipinda chawo, azakhali anapeza pepala la magazi lija litapindidwa kanayi m'buku lawo la nyimbo, kanyenyezi kaja atakazunguliza ndi bolopeni yofiira. Paketi ya prednisolone inali pamwamba pa wodiropu, yosatsegula, ndipo azakhali anandifunsa ngati kufamase angavomere kuibweza.